Foni Yagwera M'nyanja, Koma Manambala Sanamire

Ana inu a kwa Kanyenda, mwina munamvapo nkhani ngati iyi kudoko. Msodzi wapita kukapha usipa usiku. Akuwerama kuti akoke chilimira, foni yapulumuka m'thumba, chubwi m'madzi! Patapita masiku, iye akupita ku Dwangwa kukagula ina. Atangolembamo imelo yake ndi pasiwedi, manambala a abale ake ndi a amayi ogula nsomba akubweramo okha. Foni yakale ija ili pansi pa nyanja. Nanga manambalawa achokera kuti?

Chinsinsi chake n'chakuti foni ija sinkasunga manambala yokha. Msodziyo akasunga nambala mu akaunti yake ya Google, foni inkatumizanso nambalayo kudzera pa nsanja ya TNM kapena ya Airtel mpaka ku makompyuta akuluakulu otchedwa maseva. Makompyutawa ali m'nyumba zazikulu kumayiko akutali, ndipo sazimitsidwa usana ndi usiku. Popeza Malawi sanachite malire ndi nyanja yamchere, uthengawo umayenda m'zingwe zodutsa ku Tanzania kapena ku Mozambique, kenako m'zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja ya Indian Ocean. Ulendo wonsewo umatha inu musanamalize kumwa kapu ya madzi.

Amene munaperekezapo amayi ku banki mkhonde mumvetsa msanga. Membala aliyense ali ndi kabuku kake, ndipo mlembi ali ndi buku lalikulu la gulu lonse. Akakumana amayerekeza mabukuwo kuti zolembedwa zifanane. Kabuku ka munthu mmodzi kakanyowa ndi mvula, ndalama zake sizisowa, chifukwa mlembi amangokopera za m'buku lalikulu n'kumulembera kabuku kena. Foni, tabuleti ndi laputopu ndiye timabukuto, pomwe seva ndiye buku lalikulu.

Koma ntchitoyi ili ndi mfundo zovuta zomwe akatswiri anaswa nazo mitu. Choyamba, foni ikamatumiza manambala onse tsiku lililonse, bandulo ingathe msanga. Choncho imakumbukira pamene inalekezera n'kutumiza zatsopano zokha. Chachiwiri, pakati pa nyanja netiweki imatha kusowa. Zikatero foni imasunga zomwe mwasintha n'kudikira, ndipo bwato likayandikira kumtunda, netiweki ikangobwera, imazitumiza.

Chachitatu ndiye chovuta kwambiri. Tiyerekeze kuti aphunzitsi akonza dzina la mwana wasukulu pa foni, kenako akonzanso dzina lomwelo mosiyana pa laputopu, zonsezi netiweki palibe. Zipangizo ziwirizi zikalumikizana, seva imvere iti? Mapulogalamu ambiri amayang'ana nthawi imene chilichonse chinalembedwa n'kusankha chomaliza. Ena amasunga zonse ziwiri kuti mwiniwake asankhe yekha.

Njira zothetsera mavuto amenewa sizinagwe kumwamba. Anthu ndiwo anaziganiza. Mu 1996 kunatuluka kachipangizo kam'manja ka Palm Pilot, komwe unkakaika pa kampando kolumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe, n'kudina batani limodzi kuti zolembedwa zifanane. Mu 2007 mnyamata wina wa ku America, Drew Houston, anayambitsa Dropbox ndi mnzake, atatopa ndi kuiwala fulashi yake kunyumba.

Munthu akatulukira njira yatsopano, akhoza kupempha boma kuti limupatse chikalata chotchedwa patenti. Iye amalemba poyera mmene njirayo imagwirira ntchito, ndipo boma limaletsa ena kuigwiritsa ntchito popanda chilolezo chake, m'mayiko ambiri kwa zaka 20. Zakazo zikatha, aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito. Malawi ndi membala wa bungwe la ARIPO, lomwe likulu lake lili ku Harare, ndipo limathandiza anthu kulembetsa mapatenti m'mayiko angapo a mu Africa.

Nkhani ya patenti si yamasewera. Kampani ya Visto inali ndi mapatenti a njira zofananitsira imelo ndi zolembedwa zina pakati pa foni ndi kompyuta. Inasumira kampani ya Research In Motion, yomwe inkapanga mafoni a BlackBerry, ndipo mu 2009 Research In Motion inavomera kulipira madola 267.5 miliyoni kuti milandu ithe.

Ena amasankha kugawana ndi anzawo. Munaonapo kachithunzi ka timabokosi takuda ndi toyera komwe munthu amajambula ndi foni pofuna kutsegula WhatsApp yake pa laputopu? Dzina lake ndi QR code. Anakatulukira ndi Masahiro Hara ndi anzake ku kampani ya Denso ku Japan mu 1994. Kampaniyo inatenga patenti, koma inalola dziko lonse kugwiritsa ntchito kachithunziko osalipira. N'chifukwa chake lero kali ponseponse.

Kachithunzi komweko kamafuna kusamala. Munthu wina akagwira foni ya kwanu n'kujambula nayo QR code ya pa kompyuta yake, mauthenga anu a WhatsApp amayamba kufikanso kwa iye. Musamapereke foni kwa munthu wosamudziwa, ndipo pasiwedi ndi ya eni ake okha.

Yesani izi lero. Pemphani bambo, amayi kapena achemwali anu kuti muzimitse intaneti pa foni yawo, mulembe uthenga wa WhatsApp kwa wachibale. Muona kawotchi kakang'ono pambali pake, kusonyeza kuti uthengawo ukudikira. Yatsaninso intaneti muone kawotchiko kakusanduka chizindikiro chochonga. Mukatero afunseni ngati manambala awo amawasunga mu akaunti kapena mu simukhadi mokha. Ngati ali mu simukhadi mokha, athandizeni kuwasamutsira mu akaunti foniyo ikadali m'manja mwawo.