Nambala Ikhoza Kunena Zoona Koma N'kukusocheretsani



Tonsefe timadziwa mmene venda wachinyengo amachitira ndi sikelo. Amaikhotetsa pang'ono, thumba la makilogalamu 50 n'kuoneka ngati la 45. Chinyengo chimenecho n'chosavuta kuchigwira, mungopita nalo thumbalo pa sikelo ina basi. Koma pali china chovuta kuchigwira: munthu kukuuzani nambala yoona ndithu, koma ataiika mwanjira yoti inu mumve zina. Ziwerengero zoterezi timazimva pa wailesi, pamsonkhano, ngakhale kwa ogulitsa mbewu ndi obwereketsa ndalama. Tiyeni tione mmene zimayendera.

Tiyambe ndi nsomba, poti ndiye moyo wathu. Ziwerengero za boma zimaonetsa kuti m'zaka za m'ma 1990 nsomba zogwidwa m'dziko muno sizinkafika matani 100,000 pachaka, koma m'zaka zaposachedwazi zapitirira matani 150,000. Wina atha kuimirira n'kunena kuti, "Mwaona? Nsomba zachuluka m'nyanja, mukudandaula chiyani?" Nambalayo sanapeke. Koma ife amene tinakulira padoko tikudziwa kuti pali zimene sananene.

Choyamba, nsomba zake ziti? Zoposa theka la matani amenewo ndi usipa. Chambo, chimene kale chinkadzaza mabwato ku Malombe ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi, chinatsika kwambiri. Ku Malombe chinagweratu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu n'kutembenukira ku kambuzi, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene makomiti a m'madoko, ma BVC aja, anayambika. Pa sikelo, tani ya usipa ndi tani ya chambo n'chimodzimodzi. M'thumba la msodzi si chimodzimodzi ayi. Mukaphatikiza zonse pamodzi, kuchuluka kwa usipa kumaphimba kusowa kwa chambo.

Chachiwiri, agwira ndi anthu angati? Ngati zilimira, nkacha ndi matchera zawonjezeka, nsomba zofika kumtunda zikhoza kuchuluka pamene bwato lililonse likubwera ndi zochepa kuposa kale. Choncho nambala yotiuza za thanzi la nyanja si ya matani onse, koma ya zimene bwato limodzi lagwira pa ulendo umodzi.

Chachitatu, akudya ndi angati? Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'Malawi, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Pakamwa pachuluka kuposa kawiri. Ndiye ngakhale matani akwere, gawo la munthu mmodzi silinakule monga nambala ija ikumvekera.

Njira ina yosocheretsera ndi ya avereji. Tiyerekeze mudzi wa alimi khumi. Asanu ndi anayi akolola matumba 10 aliyense, mmodzi wa munda waukulu ndi feteleza wokwanira wakolola 110. Onse pamodzi ndi matumba 200. Mukagawa kwa anthu khumi, ndiye kuti avereji ndi matumba 20. Wolemba lipoti anena kuti m'mudzimu mlimi amakolola matumba 20, mulibe njala. Koma fufuzani khomo ndi khomo, simupeza ngakhale mmodzi amene ali ndi matumba 20. Asanu ndi anayi aja ali ndi theka lake, ndipo ikafika Januwale adzakhala ali pa ganyu. Thandizo likawadutsa chifukwa cha lipotilo, yawalanga ndi nambala yoona.

Samalaninso ndi mawu akuti "mpaka". Wogulitsa mbewu akati mbewu yake imabereka "mpaka" matumba akutiakuti pa hekitala, akunena za munda wabwino koposa, wothiridwa feteleza kawiri, wopaliridwa pa nthawi yake, m'chaka cha mvula yabwino. Sakunena za munda wanu wamchenga wa kugombe. Munda wachitsanzo wa m'mbali mwa msewu umakongola, eti? Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funsani kuti alimi wamba amene anabzala chaka chatha anakolola zingati, kuphatikizapo amene sizinawayendere.

Peresenti nayo ili ndi msampha wake. Wakatapila akati chiwongoladzanja ndi 20 peresenti, n'kusiyira pomwepo, mufunseni: pamwezi kapena pachaka? Mukatenga K100,000 pa 20 peresenti pachaka, chaka chikatha muwonjezera K20,000. Ikakhala ya pamwezi, ndipo mwatenga mu Novembala kuti mudzabweze mu Meyi mutakolola, miyezi isanu ndi umodzi imeneyo yabala K120,000 pamwamba pa ngongoleyo. Nambala ndi yomweyo, 20, koma ina ikudyerani mbuzi, ina ikudyerani ukonde ndi bwato lomwe.

N'chimodzimodzi pa wailesi akati kukwera mitengo kwa zinthu kwatsika, tinene kuchoka pa 30 peresenti kufika pa 25. Ambiri timamva ngati sopo ndi mafuta zitchipa. Ayi ndithu. Mitengo ikukwerabe, kungoti liwiro lake lachepako. Njinga yotsetsereka ikachepetsa liwiro sindiye kuti yabwerera kumtunda.

Tisaloze ena okha chala, nafenso timadzinamiza. Mwera ukaomba sabata yathunthu timati nsomba zatha. Usipa ukagwa bwino mwezi umodzi timati nyanja yachira, nyengo yotseka ndi yachabe. Usipa umasinthasintha chaka ndi chaka, kotero munthu wofuna kupambana mkangano amangosankha chaka choipa n'kuyerekeza ndi chabwino, kapena chabwino ndi choipa. Zaka ziwiri sizinena nkhani yonse, pamafunika mndandanda wa zaka zambiri.

Sitikunena kuti ziwerengero n'zabodza, tizitaye. Popanda anthu olemba nsomba m'madoko ndi owerenga mabwato chaka ndi chaka, nkhani ya chambo ikanangokhala madandaulo a nkhalamba. Nambala ndi chida ngati chikwanje, zimatengera wachigwira. Chathu n'kufunsa. Mukamva nambala, funsani kuti: awerenga chiyani, ndipo asiya chiyani? Agawa kwa anthu angati? Akuyerekeza ndi liti? Nanga wonenayo apindula chiyani ife tikakhulupirira? Munthu woona mtima sakwiya ndi mafunso otere. Safunsa anadya phula.

Pomaliza, tikupempha banja lililonse ligule kope limodzi. Mwana wa sukulu azilembamo mabeseni amene bwato labweretsa tsiku lililonse, matumba amene mwakolola, ndi mtengo umene mwagulitsira. Zikatha zaka zitatu, Insha Allah, wina akadzabwera ndi nambala yake pamsonkhano, inunso mudzatulutsa yanu.