Shuga Sagwira Onenepa Okha

Mukaona mmwenye wa sitolo pa Balaka kapena pa Liwonde akumwa tiyi wopanda shuga, musaganize kuti ndi kuumira. Anthu ochokera ku India ndi Pakistan amadwala matenda a shuga a mtundu wachiwiri asanakule kwenikweni, ndiponso asananenepe, poyerekeza ndi azungu. Ifenso ku chipatala timalandira odwala shuga oonda. Thupi lisakunamizeni.

Ngati anakupezani nawo, yambirani pa mbale. Chepetsani mitanda ya nsima, ndipo mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera. Theka la mbale likhale masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani. Mpunga wambiri, chapati, thobwa lotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo zimakweza shuga msanga. Ngati anakupatsani metformin, muzimwa mukudya, tsiku lililonse, ngakhale mukupeza bwino. Muziyenda mphindi 30 patsiku. Madzulo muziyang'ana mapazi, chifukwa kachilonda konyozeka kamadulitsa mwendo.

Musanasale kudya pa Ramadan kapena Lenti, kambiranani ndi achipatala. Mukayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, idyani chotsekemera pomwepo.

Amayi amene shuga anakwera muli oyembekezera, musaiwale kukayezetsanso mutabereka. Chipatala cha boma chilipo ku Balaka ndi ku Liwonde.