Mankhwala a Nthaka Ali M'phiri

Mlangizi wofuna kudziwa nthaka ya dera lake ayambe wakwera phiri, pakuti dothi ndi mwana wa thanthwe. Ku Bindura, dera la migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca, zimenezi zimaoneka poyera. M'chigwa cha Mazowe muli katondo wofiira, pamene ku Musana ndi ku Masembura matanthwe a granite abala mchenga wotuwa. Mchenga umenewu suchedwa kuwawasa, makamaka ukamalandira feteleza wa nayitirojeni chaka ndi chaka. Muyeso wa pH ukatsika kupitirira 5, aluminiyamu amapha nsonga za mizu ndipo fosiforasi amamangika m'dothi. Mlimi amathira feteleza, koma chimanga chimangopinimbira.

Mankhwala a nthaka yotere ali m'phiri la mtundu wina, la miyala ya laimu, monga mapiri a Chenkumbi pafupi ndi Balaka ku Malaŵi. Wokwera phiri lotere avale nsapato zolimba, chifukwa mvula imasungunula mwalawo ndi kusiya ming'alu yakuthwa. Anyamulenso madzi akumwa, popeza amvula amalowerera m'ming'alumo. Mitengo imazika mizu yake momwemo ndi kugwira kadothi kochepa kamene kalipo. Kuti muzindikire mwalawo, perani kachidutswa ndi kudonthezerapo vinyo wosasa: ufawo ukachita thovu, ndi laimu.

Komatu chuma chimenechi chili ndi mtengo wake. Kuti mwala usanduke njereza, umawotchedwa mpaka madigiri pafupifupi 900, ndipo ng'anjo za m'midzi zimadya nkhuni zosaneneka. Mitengo ikatha, kadothi kaja kamakokoloka ndipo phiri limatsala gwa.

Apa ndi pamene alangizife tiyenera kulankhula momveka: laimu wa m'munda safuna moto. Mwala wongopera kukhala ufa wosalala ndi wokwanira. Uthiridwe ndi kusakanizidwa ndi dothi mvula isanayambe, pakuti umagwira ntchito pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yake imakhala nyengo zingapo. Koma nthaka iyambe yapimidwa, kaya ku Chitedze, ku Mount Makulu kapena ku Harare, chifukwa laimu wopyola muyeso amabisa zinki.

Tikatero, mlimi wa ku Musana adzakolola chimanga, ndipo nkhalango ya paphiri idzatsala chiimire.