Makina aone kapaipi, koma woyankha akhale munthu

Mu 1929 dokotala wina wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, adachita zinthu zoti anzake adagwira nazo pakamwa. Adadzitsegula mtsempha wa pamkono n'kulowetsamo kapaipi kowonda mpaka kukafika kumtima. Kenaka adakajambulitsa X-ray kuti aone ngati nsonga yake yafikadi. Mu 1956 mkuluyu adalandira mphotho ya Nobel.

Funso lake lija likadavutabe m'zipatala mpaka lero: kodi chimene talowetsa m'thupi la wodwalachi chili pati?

Amene mudadwazikapo matenda mukudziwa. Wodwala akamalephera kumeza, anamwino amalowetsa kapaipi m'mphuno kuti kakafike m'mimba, phala ndi mankhwala zizidutsa m'menemo. Tsono pakhosipa pali njira ziwiri zogundizana, ya chakudya ndi ya mpweya. Kapaipi kakaphonya kamatsikira m'mapapo, ndipo munthu wofooka mwina satsokomola n'komwe. Mukathiramo phala, basi, mwam'miza m'bale wanu ali pabedi.

Musati izi n'za zipatala zosauka zokha ayi. Ku Britain, bungwe la National Patient Safety Agency lidalengeza mu 2011 kuti pakati pa 2005 ndi 2010 anthu 21 adamwalira ndipo 79 adavulala chifukwa chodyetsedwa m'mapapo. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa ngozi 45 mwa zimenezi X-ray idajambulidwa ndithu, koma woiona adaiwerenga molakwika.

Apa ndi pamene akatswiri abweretsa chimene akuchitcha machine learning. Dzinali lisakuopseni. Mayi wa geni amene wagwira ndalama zaka zambiri amaizindikira yachinyengo pongoikhudza, chonsecho palibe adamuphunzitsa m'kalasi. Kompyuta nayo amaionetsa zithunzi zikwizikwi, chilichonse ndi yankho lake, mpaka izolowere kusiyanitsa kapaipi kokhala bwino ndi kosokera.

Kumapeto kwa 2020 bungwe la madokotala owerenga zithunzi la ku Australia ndi New Zealand, RANZCR, lidatsegula mpikisano pa intaneti. Lidapereka zithunzi za pachifuwa zoposa 30,000 zimene madokotala adali atalembapo kale kuti apa kapaipi kali bwino, apa n'pokayikitsa, apa kasokera. Opikisana adayenera kuphunzitsa kompyuta kuti izigamula chimodzimodzi pa zithunzi zimene sidazionepo.

Chaka chomwecho kampani ya GE Healthcare idaika pulogalamu yotere m'makina a X-ray okankha aja, ofika nawo pabedi. Iyi imalondola kapaipi kopumira. Nsonga yake imafunika ikhale masentimita pafupifupi 3 mpaka 7 pamwamba pa mphanda pomwe njira ya mpweya imagawikana kupita kumapapo awiri. Ikatsika kwambiri, mpweya umangolowa phapo limodzi, linalo n'kuphwa. Pulogalamuyo imayeza mtundawo m'masekondi ochepa, wojambula asanachoke pabedipo.

Ine ndikuti zimenezi n'zabwino, ndipo wozikana ndi amene sadaonepo dokotala mmodzi akuthamangira mawodi atatu pakati pausiku. Makina sawodzera, sathamangira minibasi yomaliza, saganiza za sukulu fizi ya mwana.

Komatu abale anga, tisatengeke. X-ray imaphwathalitsa munthu yense pa chithunzi chimodzi, za kutsogolo ndi za kumsana n'kusanjikizana. Waya wongogona pamwamba pa chifuwa ungathe kuoneka ngati uli m'kati. Chinanso, kompyuta imadziwa zokhazo zimene idaonetsedwa. Zithunzi za mpikisano uja zidachokera ku chipatala cha boma chochitira kafukufuku ku America. Nanga ikakumana ndi makina okalamba ojambula mosaoneka bwino, kapena mapapo odyedwa ndi TB, iyankha molondola? Ziyesedwe kaye kumeneko, osangokhulupirira zonena za wogulitsa. Inu a malonda mukudziwa kuti palibe amanyoza katundu wake.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi ulesi wa maso. Makina akalondola kakhumi, kakhumi n'chimodzi munthu sayang'ananso chithunzi, amangoona kuti kompyuta yavomera n'kuyamba kuthira phala. Tsiku lomwe yalakwitsa, achibale akafunsa ndani? Kompyuta siipita kumaliro, siiyankha kukhoti.

Nkhaniyi isaoneke yakutali. Mu 2021 bungwe la WHO lidavomereza kuti makompyuta aziwerenga X-ray pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo njira imeneyi idayesedwaponso mu Blantyre muno. Inu ophunzira, amene mawa mudzakhale anamwino ndi madokotala, phunzirani kuwerenga chithunzi ndi maso anu. Makina akhale mnzanu wokutsinani khutu, poti mutu umodzi susenza denga. Koma dzina lolembedwa pa fayilo ya wodwala, lovomereza kuti phala lilowe, likhale la munthu amene waona yekha pomwe pali nsonga ya kapaipi.