Caka Cimodzi pa UNZA: Zimene Zithunzi za Ophunzira Zimaulula

M'nyumba zambiri muno m'dziko la Zambia, cithunzi cimene cimapacikidwa pamalo aulemu ndi ca mwana wobvala mkanjo ndi cisoti ca tsiku lotsiriza maphunziro. Cithunzico cimaonetsa tsiku limodzi lokha. Koma munthu akasonkhanitsa zithunzi zimene ophunzira a pa sukulu lapamwamba la University of Zambia, UNZA, amajambula kuyambira potsegulira caka kufikira potsekera, amaona zobvuta zimene mwana amapirira asanabvale mkanjowo.

Sukululi linatsegulidwa m'caka ca 1966 ndi ophunzira 312 pa Ridgeway Campus mu mzinda wa Lusaka. M'caka comweco mtsogoleri woyamba wa dziko lino, a Kenneth Kaunda, anaika mwala wa maziko a malo akulu a pa mseu wa Great East, kumene zithunzi zambiri zimajambulidwa.

Zithunzi za sabata yoyamba zimakhala zodzala ndi katundu: masutukesi, mabeseni, mapoto, tumasitovu ta magetsi ndi matumba a unga. Pambali pamaima makolo amene acokera ku Cipata, ku Mongu kapena ku Kasama kudzaperekeza mwana. Nkhope zimakhala zacimwemwe, koma nkhawa yaikulu ya sabata imeneyo ndi malo ogona.

Nyumba zakale zogonamo, monga President, Africa, Kwacha ndi International, ophunzira anazicha kuti Ruins cifukwa ca kukalamba kwake. Zina ndi Soweto, Tiyende Pamodzi, Zambezi, Kafue ndi October. Zipinda zambiri anazimangira anthu awiri, koma ciwerengero ca ophunzira cinakula kwambiri kuposa malo. Ndiye cifukwa cake cithunzi ca m'cipinda cimaonetsa matiresi pansi, zobvala zolendewera pa zenera ndi mphika wa nsima pafupi ndi mabuku. Osowa malo amagona kwa anzao, mcitidwe umene amaucha squatting, ndipo ena amacita lendi m'madera oyandikana a Kalingalinga ndi Kalundu.

Maphunziro akafika pakati, zithunzi zimasamukira panja. Malo otchuka kwambiri ndi Goma Lakes, maiwe amene anachedwa dzina la a Professor Lameck Goma, mzika yoyamba ya dziko lino kukhala Vice Chancellor wa sukululi, kuyambira mu 1969. Kumeneko ena amawerenga pansi pa mitengo, ena amaimba nyimbo za Mulungu m'magulu ao, ena amaceza awiri-awiri. M'cilankhulo ca pa sukulupo, mnyamata amachedwa monk ndipo mtsikana amachedwa moma, maina amene amalembedwa pansi pa zithunzi zambiri.

Nyengo nazo zimadziwika m'zithunzimo. Majuzi ndi zipewa zimasonyeza cisanu ca June ndi July. Maluwa a mitengo ya jacaranda amasonyeza kuti September wafika, ndipo maambulera ndi matope zimasonyeza dzinja. Mayeso akayandikira, zithunzi zimacepa. Zocepa zimene zimajambulidwa zimaonetsa laibulale yodzala ndi anthu, ndi ophunzira osinza pa mabuku usiku.

Palinso zithunzi zimene makolo sakonda kuziona: miyala pa mseu wa Great East, matayala oyaka ndi utsi wokhetsa misozi. Kawiri-kawiri gwero la zipolowe zotere lakhala kucedwa kwa ndalama za cakudya, zimene ophunzira amazicha BC, dzina locokera ku Bursaries Committee. Komiti imeneyi inalowedwa m'malo ndi bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board potsatira lamulo la mu 2016.

Mu October 2018, pa zipolowe za ndalamazi, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi kumalo ogona, cipinda cina ca m'nyumba ya October cinayaka, ndipo mtsikana wa m'caka cacinai anataya moyo. Zithunzi za cipinda copsaco zinafalikira pa mafoni m'dziko lonse. Mu 2019 boma linacotsa ndalama za cakudya, ndipo linazibwezeretsa mu 2023.

Zaka zina zimakumbukika ndi zithunzi zopanda anthu. Mu March 2020, boma litatseka masukulu onse cifukwa ca matenda a Covid-19, makalasi ndi njira za pa UNZA zinangoti zii. Kwa wophunzira, cithunzi cotere cimatanthauza miyezi yoonjezera ya lendi ndi kucedwa kuyamba nchito.

Pomaliza pamabwera mwambo wolandira madigiri. Mabanja amakonda kujambulitsa pafupi ndi cosema cochedwa The Graduate, cimene anacipanga malemu a Henry Tayali. Cosemaco ndi ca munthu wobvala mkanjo, buku ku dzanja lina ndi khasu ku dzanja lina, kukumbutsa wophunzira kuti nzeru zake zibwerere kukatumikira anthu amene anamuphunzitsa ndi thukuta la m'munda.

Kajambulidwe kasintha kwambiri. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ojambula oyendayenda anali kuzungulira ndi makamera a filimu, kukatsukitsa zithunzi m'tauni ndi kuzibweretsa patapita masiku. Popeza cithunzi ciliconse cinali colipira, munthu anali kubvala bwino asanaime patsogolo pa kamera. Zotsatira zake n'zakuti zithunzi za nthawi imeneyo n'zocepa ndipo zimaonetsa masiku abwino okha-okha, koma zikali m'maalubamu kufikira lero.

Masiku ano wophunzira wa foni ya kamera amajambula zonse, zabwino ndi zoipa, n'kuzitumiza pa Facebook ndi WhatsApp. Bvuto ndi lakuti foni ikabedwa kapena ikaonongeka, zithunzi za caka cathunthu zimapita nayo. Cimene cimatsukidwa ndi kuikidwa m'felemu ndi cija ca mkanjo cokha.

Ngati zithunzi za matiresi a pansi, za mizere ndi za makalasi otsekedwa sizisungidwa, a m'tsogolo adzadziwa okha amene anatsiriza maphunziro, osadziwa mmene anakhalira. Ndipo amene amakonza ndalama za masukulu apamwamba adzasowa umboni wina woonekeratu wa zimene zifunika kukonzedwa.