Oyilo Wofiira wa M'giyabokosi ya Bokosibode

Mwa zonse zimene galimoto imamwa, chilipo chimodzi chimene eni ake amachiiwala kufikira tsiku la tsoka, ndicho oyilo wofiira wa m'giyabokosi ya otomatiki, amene pachigubu pake amalemba kuti ATF. Oyilo wa injini aliyense amamukumbukira, pakuti makanika amasiya kapepala konena tsiku lobwereranso. Koma uyu, popeza atumikira mobisika kunsi kwa galimoto, ambiri amayenda naye zaka ndi zaka osamuonako ndi maso, ngakhale bokosibode yawo, kaya ndi Hilux, Ranger kapena D-Max, ikhale yosenza matumba a chimanga ndi simenti tsiku ndi tsiku.

M'giyabokosi yosintha ndi dzanja, oyilo amangofewetsa mano a magiya. Mu otomatiki, iyeyo ndiye anyamula mphamvu. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali chitsulo chobulungira, chotsekedwa ponseponse, chotchedwa torque converter, ndipo m'kati mwake muli mapiko oyang'anizana: injini ikazunguza mapiko a mbali ino, iwo amaponya oyilo mwamphamvu kumapiko a mbali inayo, ndipo galimoto imanyamuka. Oyilo yemweyo, pokankhidwa ndi pampu m'timipata topapatiza, ndiye apanikiza timbale ta klatchi kuti giya ilowe, nachotsanso kutentha popita kurediyeta. Nzeru imeneyi idafika kwa anthu wamba ndi Hydra-Matic ya kampani ya General Motors m'magalimoto a Oldsmobile a 1940, ndipo mu 1967 kampani yomweyo idatulutsa oyilo wa Dexron, dzina limene likumvekabe m'masitolo a zipangizo za galimoto. 

Mdani wamkulu wa oyilo ameneyu ndiye kutentha. Amisiri ali ndi muyeso wakale wonena kuti oyilo akapyola madigiri 80, kukwera kulikonse kwa madigiri 10 kumadula moyo wake pakati. Tsono lingalirani bokosibode yodzala ndi katundu ikukwera chitunda cha Thabwa kuchokera ku Chikwawa m'dzuwa la Okutobala, kapena ikukhotakhota pa Chiweta, giya ikulowa ndi kutuluka kosalekeza, ndipo mudzaona chifukwa chake mawu a opanga ena, akuti oyilo wawo ndi wa moyo wonse wa galimoto, sayenera kutigonetsa tulo. Mabuku awo omwewo, pofika pa galimoto yokoka ngolo, yosenza zolemera kapena yoyenda m'misewu yoipa, amalamula kusintha, nthawi zambiri pakati pa makilomita 60,000 ndi 100,000. Ndipo kwathu kuno bokosibode yosagwira ntchito yotere njosowa.

Wofuna kudziwa za oyilo wake adonthetse kadontho papepala loyera. Akakhala wofiira ndi woonekera, ali bwino. Akayamba kudera, wakalamba. Akakhala bii, nanunkha chopserera, ndiye kuti timbale ta klatchi tayamba kupsa. Koma akaoneka ngati mkaka wofiirira, musayendetsenso galimotoyo, pakuti madzi alowa, kaya powoloka mtsinje wodzala kaya pobooka chitoliro cha m'rediyeta, ndipo madzi amamatula guluu wogwira timbaleto.

Njira zosinthira zilipo ziwiri, ndipo apa ndi pamene amakanika amakangana. Yoyamba ndiyo kukhetsa: makanika amamasula bawuti ya pansi, kapena kuchotsa sampu yonse, mbale ya pansi pa giyabokosi, nasintha fyuluta ndi gasiketi, napukuta maginito amene agona m'sampumo. Maginitowo ndi mboni yosanama. Akavala phala lotuwa, losalala pakati pa zala, kumeneko ndi kuperepeseka wamba kwa masiku onse. Koma pakapezeka tizidutswa tonyezimira tolasa chala, chilipo chimene chikuswekera m'kati. Chofooka cha njirayi nchakuti pa malita ngati 10 amene giyabokosi yotere imasunga, amatuluka 3 kapena 4 okha, otsalawo nakanirira mu torque converter ndi m'mapaipi. Komatu kubwereza kumathetsa mlandu umenewu, monga mmene mayi atsukuluzira mtsuko kangapo kufikira madzi atayera: mukachotsa malita 4 nkuthira atsopano, akale amatsala 6, mukayendako masiku angapo nkubwereza, amatsala osakwana 4, kachitatu, amangopitirira 2 pang'ono.

Njira yachiwiri ndiyo ija amaitcha flush, pamene makina amalumikizidwa kumapaipi opita kurediyeta, oyilo wakale natuluka uku watsopano akulowa uku, kufikira pafupifupi wonse wasinthika m'tsiku limodzi. Pagalimoto yosamalidwa chiyambire, ndipo ngati makinawo angotsata mphamvu ya pampu ya giyabokosi yokha, popanda mankhwala osungunulira litsiro, ine sindionapo choipa, kupatula kuti imadya malita ochuluka ndipo fyuluta yakale imatsalamo ngati sampu sinatsekulidwe. Koma bokosibode imene yayenda makilomita 250,000 osakhudzidwa, giya zayamba kale kuzengereza polowa, mwini wake nathamangira ku flush ngati kwa sing'anga, imeneyo ndiye ya Zengerezu amene adalinda kwawukwawu. Litsiro lotakasidwa mwadzidzidzi likhoza kutseka timipata tija. Ndiponso timbale totha kale nthawi zina timakhala tikugwira chifukwa cha fumbi lake lomwe loyandama m'oyilo wakudayo, kotero kuti oyilo woyera akalowa, giya zimayamba kutererekeratu. Pamenepo anthu amaloza chala makanika, chonsecho nthenda idalowa kale. Galimoto yotere ndi bwino kuikhetsa pang'onopang'ono, ndi kumvetsera mmene ikuyankhira musanabwereze.

Kufiira kwa oyilo ndi utoto chabe, woikidwa kuti akadontha pansi adziwike, ndipo sikutanthauza kuti ofiira onse ngofanana. Toyota zatsopano zimafuna WS pamene zakale zambiri zinkamwa T-IV. Ranger ya magiya 6 imafuna Mercon LV, ya magiya 10 Mercon ULV, amene ali wopyapyala koposa. Safunsa adadya phula: dzina lolembedwa m'buku la galimoto ndilo liyenera kukhala pachigubu, ndipo chigubucho chikhale chomata, osati oyilo wopimidwa m'botolo pamsika.

Mlingo nawo ngofunika kusamala, pakuti oyilo akachepa pampu imakoka mpweya, akachuluka amachita thovu. Magalimoto ambiri a masiku ano alibe dipisitiki ya giyabokosi. Mlingo umayesedwa pabawuti yapadera, galimoto itaima pamalo athyathyathya, injini ikulira, oyilo atafika pa kutentha kumene buku lanena, ndipo kutenthako amakuwerenga ndi kompyuta yolumikiza kugalimoto. Musanasiye makiyi pagalaja, funsani ngati chipangizo chimenechi ali nacho.