Mthiko, Mtsuko ndi Foloko: Ziwiya za pa Kompyuta Zobwerekana

Kukakhala ukwati kapena maliro kuno kwa Mavwere, palibe banja limene ziwiya zake zimakwanira. Amayi amatuma ana khomo ndi khomo: uku nkhali, uku mabeseni, uku zipande ndi mbale. Mwambo ukatha, amatsuka n'kubweza. Ndayambira kukhitchini chifukwa ophunzira ena andifunsa tanthauzo la mawu akuti open source. Makolo ndi a komiti ya mzikiti, nkhaniyi ndi yanunso, poti ikukhudza ndalama ndi makompyuta a ana athu.

Taganizirani ziwiya ziwiri. Choyamba ndi mthiko. Aliyense amaona mmene unasemedwera. Ukatalika mumaudula, mukaukonda mumasema wina wofanana nawo, ndipo mmisiri woyambayo sabwera kudzakulipiritsani. Chachiwiri ndi supuni ya m'nyumba yodyera alendo. Mumadyera ndithu, koma si yanu: simungaipinde, simungapite nayo kwanu.

Mapulogalamu a pa kompyuta alinso m'magulu awiri otere. Pulogalamu iliyonse imalembedwa ndi anthu, ndipo malangizo amene amalembawo amatchedwa source code. Kampani ya Microsoft siulula malangizo a Windows ndi Word. Munthu amangogula chilolezo chogwiritsa ntchito. Imeneyo ndi supuni ija. Pulogalamu ya open source ndi mthiko: malangizo ake ali poyera, ndipo eni ake analola aliyense kuigwiritsa ntchito, kuiwerenga, kuisintha ndi kugawira anzake.

Ganizoli analilimbikitsa Richard Stallman wa ku America, amene anayambitsa ntchito ya GNU mu 1983. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, anatulutsa Linux. Ngati foni yanu ndi ya Android, mkati mwake muli Linux, ngakhale simunadziwe. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anakhazikitsa mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu, mawu amene kwathu kuno timati umunthu. Ngakhale Unduna wa Zaumoyo m'dziko muno umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala pa DHIS2, pulogalamu ya open source yochokera ku yunivesite ya Oslo.

Tsopano tione ziwiyazo. Linux ndi mafuwa: palibe amene amadya mafuwa, koma miphika yonse imakhala pamenepo. LibreOffice ndi mthiko wa tsiku ndi tsiku. Muli Writer yolembera makalata, Calc yowerengetsera ndalama ndi malikisi, ndi Impress yoonetsera phunziro. Firefox ndi ndowa yotungira zinthu pa intaneti. Kiwix ndi mtsuko: mumatunga kamodzi Wikipedia, n'kumaiwerenga popanda bandulo. VLC ndi supuni yosasankha chakudya, imatsegula pafupifupi mawu ndi kanema aliyense. GIMP ndi mpeni wodulira ndi kukonzera zithunzi.

Foloko ndiye ili ndi nkhani yake, chifukwa akatswiri eniakewo amagwiritsa ntchito mawu a Chingerezi akuti fork. Foloko ili ndi chigwiriro chimodzi koma mano angapo. Anthu akasemphana maganizo pa pulogalamu, gulu lina limakopera malangizo onse n'kupitiriza m'njira yake. Mu 2010 kampani ya Oracle itagula Sun Microsystems, imene inkasamalira OpenOffice.org, ambiri mwa olemba pulogalamuyo anada nkhawa ndi tsogolo lake. Anapanga foloko, ndipo LibreOffice inabadwa chaka chomwecho. Ubuntu nayo inachokera ku Debian, ndipo Linux Mint inachokera ku Ubuntu. Phindu lake n'lakuti mwini akatseka khitchini, anthu sagona ndi njala.

Nanga ifeyo zikutikhudza pati? Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwaulere, ndipo makompyuta ambiri akale sakwanitsa zofuna za Windows 11. Makompyuta ambiri a m'sukulu zakumudzi ndi akale, olandira kwa akufuna kwabwino. Njira zilipo zitatu. Kugula atsopano, ndalama yake si ya matumba ochepa a mtedza. Kuika pulogalamu yobedwa, imene anyamata amati ya crack, ndi kutenga cha mwini popanda chilolezo, komanso nthawi zambiri imabwera ndi mavairasi. Njira yachitatu ndi kuika Linux wopepuka ngati Lubuntu kapena Linux Mint, amene amayenda bwino pa makina ambiri okalamba, ndipo ndi wololedwa.

Ana a madrasa amakumbukira Sura 107, Al-Ma'un, imene imadzudzula omana anzawo zinthu zing'onozing'ono. Ibn Mas'ud, Allah asangalale naye, anafotokoza kuti zinthuzo ndi monga mphika ndi ndowa zobwerekana. Pulogalamu imaposa mphika pa mfundo imodzi: mukabwereketsa mphika, kwanu mulibe mphika, koma mukagawa pulogalamu, yanu imatsala yathunthu.

Tisanamizane, mthiko suvundula wokha. Mabatani a Writer sali malo amodzimodzi ndi a Word, choncho wokonzekera mayeso a MSCE afunse aphunzitsi ake pulogalamu imene adzagwiritse ntchito, ndipo azolowere zonse ziwiri. Mapulinta ena amavuta pa Linux. Kukopera koyamba kumadya bandulo, ngakhale fulashi imodzi imakwanira makompyuta onse. Ziphaso zina, monga GPL, zilinso ndi lamulo: mukasintha pulogalamu n'kuigawa, malangizo anu akhalenso poyera.

Pempho langa kwa a komiti ndi ili: kompyuta yakale isatayidwe tisanaiyese. Linux amatha kuyenda kuchokera pa fulashi osafufuta chilichonse, ndiye kuyesako sikuononga kanthu. Ndipo inu ophunzira, kumbukirani mwambo wa amayi anu. Chobwereka amabweza chotsuka. Mukadziwa Calc, phunzitsani mnzanu. Mukapeza cholakwika, dziwitsani olemba pulogalamuyo. Ambiri mwa mapulogalamuwa amamasuliridwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo Chichewa chimene mumayankhula kunyumba chikufunika kumeneko.